Kiyi wa pa Nsonga ya Chitenje

Iwe Limbani, chotsa dzanja pachitseko cha kabatiyo. Usatseke. Kabati imeneyo sitsekedwa m'nyumba muno, ngakhale kutabwera mfumu ya dziko lino kudzamwa tiyi. Thoko, ika foni pansi, khala apa. Mwakhala mukundifunsa, m'Chingerezi chanu chotulukira m'mphunocho, kuti bwanji kabati yachitsulo, yomangirira kukhoma ndi mabawuti, timasungiramo ufa, nyemba ndi matemba a agogo anu aakazi. Lero ndikuuzani, poti eni ake apita kumapemphero a amayi ndipo kumeneko sathako msanga. Muziyankha m'Chingerezi momwemo, ndilibe nazo ntchito, bola makutu akhale a Chichewa.

Kabati imeneyo inali ya mfuti. Ee, mfuti yeniyeni, muno mu Barking. Musanditulutsire maso, sindinali chigawenga ine. Ndinali mlenje. Kapena ndinene bwino, ndinkafuna kukhala mlenje. Chipsera cha pansidze yangachi mumadziwa kuti ndinagwa pokwera basi, eti? Ndinakunamizani.

Bambo anga ku Ntchisi anali ndi gogodela. Inu simungaidziwe. Inali mfuti yodyera kukamwa: kuthira wonga, kuika kansanza, kenako chilichonse chachitsulo chimene chapezeka pakhomo, kaya zidutswa za misomali, kaya tizitsulo ta m'gudumu la njinga, n'kutsendera ndi ndodo. Ikalira, utsi tolo, agalu kuthawa, bambo kugwa chagada uku, nguluwe kugwa uko. Amene wayamba kudzuka ndiye wapambana. Mfutiyo inali ndi lamulo lake: mkazi saikhudza, saidumpha, apo ayi imazizira, siiphanso kanthu. Amayi anga posesa ankachita kuizungulira. Ine ndikapempha kuti ndiwombeko, bambo ankati, “Ukakula.” Ndisanakule anamwalira, mfuti n'kupita ndi amalume, ine n'kutsala ndi njala yake pamtima zaka makumi asanu.

Tsopano mudziwe za agogo anu aakazi, a Naphiri. Mumawaona ali phee ndi Baibulo, mumayesa nkhosa. Bambo awo anagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo atabwerera kumudzi ankasunga sutikesi yokhoma pansi pa bedi, kiyi wake m'khosi. Atamwalira anaithyola pamaso pa anthu a maliro. Munalibe ndalama ayi. Munali makalata ndi zithunzi za mkazi wina ndi ana atatu, onse mphuno za bambo awo. Amayi awo sanalirenso maliro amenewo. N'chifukwa chake tisanakwatirane, pamaso pa ankhoswe, Naphiri anandiuza kuti, “Umphawi ndipirira, mkonono ndipirira, koma chokhoma chimene ine ndilibe kiyi wake m'nyumba mwanga chisadzapezeke. Tsiku limenelo ndidzanyamuka.” Ine ndinavomera mofulumira, poti ndinalibe ngakhale sutikesi yomwe. Kuyambira pamenepo kiyi aliyense wa m'nyumba ankakhala pansonga ya chitenje chawo, womangidwa mfundo ziwiri. Tinabwera nawo mwambo umenewu mpaka kuno ku London. Kuchipatala ku Edmonton ankavala yunifomu ya unamwino, koma akangolowa m'nyumba, chitenje m'chiuno, makiyi pansonga, kumveka ngwerengwere ngati mbuzi ya belu.

Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kunali gogo wina wachizungu amene ankakana kusambitsidwa ndi wina aliyense kupatula ine. Mwana wake, a Derek, ankabwera Lamlungu lililonse, ndipo tinazolowerana. Ntchito yawo inali yochepetsa agwape m'mafamu a ku Essex, poti kuno nyama zimenezi zimachuluka mpaka kuononga mbewu ndi mitengo. Tsiku lina ndinawauza za gogodela. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati ndikapuma ntchito adzanditenga, ndipo adzandilembera kalata yoti ndili ndi malo osakako. Ana inu, ndinabwera kunyumba tsiku limenelo ndikuyenda ngati ndakwezedwa pantchito. Kutchalitchi ndinalengeza ndekha, wosandifunsa, kuti anthu asiye kudandaula za nkhuku za kuno zosakomazi, mwana wa mlenje wadzuka.

Nditapuma ntchito, a Derek ananditengera kusitolo ya mfuti kunja kwa tauni. Kuno sungangogula mfuti ngati khasu. Umayamba wasankha mtundu wake, n'kuulemba pafomu yopempha laisensi kupolisi. Mwini sitolo anali mkulu wa ndevu zoyera, wolankhula pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti ndikufuna kukawombera chiyani. Mukudziwa kuti kwathu choyenda m'tchire ndi nyama, chili m'mbale ndi nyamanso, liwu ndi limodzi. Ndiye mutu wanga unatenga liwu lolakwika, ndinayankha molimba mtima kuti, “Meat.” Mkuluyo anandiyang'ana, anayang'ana a Derek, n'kunena kuti imeneyo amagulitsa kubutchala kuseri kwa msewu, ndipo safunsa laisensi.

Atatha kuseka anayamba kundiphunzitsa. Anati mfuti sumasankhira maso, umasankhira nyama imene ukukasaka ndi phewa limene uli nalo. Anatulutsa ziwiri. Ina ya nambala 243, anati imeneyi ndiyo ya woyamba kumene, simenya kwambiri paphewa, ndipo imakwanira agwape ang'onoang'ono amene adzaza m'mafamu a a Derek, ngakhalenso okulirapo. Ina ya nambala 308, yolira kwambiri, yokankha kwambiri. Ine kungomva manambalawo, nkhani inatha. Mwana wa mwini gogodela angatenge nambala yaing'ono? Anthu kutchalitchi akamva adzati chiyani? A Derek anandinong'oneza kuti, “Tengani yaing'onoyo, a Banda.” Ndinawauza kuti bambo anga ankagwetsedwa ndi mfuti yawo chaka ndi chaka ndipo sanadandaulepo. Zipolopolo nazo ndinaloza bokosi lolemera kuposa onse, osafunsa n'komwe kuti zimasiyana bwanji. Kuuma mutu kumene kuli mwa iwe Limbani usakusake patali.

Fomu ija inali yaitali kuposa ulaliki wa pa Pasaka. Anafuna anthu awiri ondiikira umboni kuti mutu wanga umagwira, anafuna kalata ya dokotala, anafuna kabati yachitsulo yomangirira kukhoma. Ndinagula imene mukuionayo. Inabwera ndi makiyi awiri, ndipo ndinachita zimene ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse: ndinapereka onse kwa Naphiri, iwo n'kumanga pansonga.

Kenako linafika tsiku loti wapolisi adzaone nyumba. Anabwera mayi, wamsinkhu wa amayi anu a Tadala, waulemu zedi. Naphiri anaphika mandasi ngati kukubwera apongozi. Mayiyo anagwedeza kabati, siinasunthe. Anandifunsa ngati ndimamwa, ngati ndimapsa mtima, ngati m'nyumba timakangana. Zonse ndinakhoza. Ndiye akumwa tiyi, anatembenukira kwa agogo anu, n'kufunsa ngati zocheza chabe:

“Amayi, kodi makiyi a kabatiyi mukudziwa pamene amakhala?”

Abale inu! Naphiri nkhope inawala. Anaganiza kuti boma likufuna kuona ngati pakhomo pano pali mkazi wodziwa kusunga nyumba. Anaimirira, anamasula mfundo yoyamba, yachiwiri, n'kuika makiyi onse awiri patebulo, pambali pa mandasi.

“Awa. Bambowa sasunga kiyi, amataya. Ngakhale wa galimoto ndimawapatsa m'mawa, madzulo abweze.”

Wapolisi uja anaika kapu pansi. Anafotokoza mofatsa kuti lamulo silola munthu wopanda laisensi kukhala ndi kiyi wa kabati ya mfuti, ngakhale kudziwa pamene wabisidwa, kaya ndi mkazi wako wa zaka zingati. Anati poti kabati inali isanalowemo kanthu, palibe mlandu, koma ngati ndikufuna laisensi, makiyi ndiwabise ndekha, mayi asadziwe.

Wapolisi uja anatuluka. Naphiri anali chiimire, makiyi ali patebulo.

“Bambo a Tadala, mwamva zimene wanena mwanayu?”

“Ndamva. Ndi lamulo la dziko la eni, mayi.”

“Nanga la m'nyumba muno?”

Apa ndiye pamene ndinalankhula zopusa kuposa zonse zimene ndalankhulapo, ndipo ndalankhulapo zambiri. Ndinati, “Komanso kwathu mkazi sakhudza za mfuti. Imazizira.” Ndinatola makiyi aja n'kuika m'thumba. Iwo anangomanganso nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, akundiyang'ana.

Laisensi inabwera patapita miyezi. Ndinakatenga 308 yanga, ndi galasi loonera patali pamwamba pake, ndi bokosi la zipolopolo zolemera zija. Makiyi ndinabisa m'nsapato yakale ya ukwati pamwamba pa wadiropu. Mawa lake ndikupita kukapanga tiyi, ndinapeza kabati ya shuga ili ndi loko. Ya mchere loko. Firiji anaimanga tcheni cha njinga. Ndinafunsa kuti zimenezi n'chiyani. Anati, “Ndi lamulo, a Banda. Mulibe laisensi ya shuga.” Mwamva? A Banda. Zaka zonsezo ndinali bambo a Tadala, tsopano ndasanduka a Banda ngati munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi.

Ndinkaseka pouza anzanga, koma kunena zoona, ana inu, mtima unkandiwawa, ndipo ndinkadziwa kuti wawo ukuwawa koposa. Sankaopa mfuti ayi. Akadutsa pakabatiyo ankaona sutikesi ya bambo awo. Itatha milungu itatu analongedza chikwama, anakwera sitima, anapita kwa amayi anu ku Edmonton. Iwe Thoko unali wakhanda, ndiye anthu anauzidwa kuti apita kukalera mdzukulu. Makiyi onse a m'nyumba anandisiyira patebulo, atamasula okha. Ndinawayang'ana makiyi amenewo nthawi yaitali, ndinachita mantha.

Koma mwamuna wouma mutu sabwerera msanga. Loweruka lotsatira ndinapita ndi a Derek kumalo ophunzirira kuwombera, kuti tiyese mfuti papepala tisanapite kutchire. Ndinagona pansi, ndinaika diso pafupi kwambiri ndi galasi lija kuti ndionetsetse, a Derek akuti bwezani mutu m'mbuyo, ine ndikuti ndikudziwa. Ndinakoka. Mayo ine! Mfuti inabwerera, galasi linandidinda pansidze, magazi chuchuchu mpaka m'kamwa. Pepala linali bwinobwino, losakhudzidwa n'komwe. Nditamangidwa bandeji ndinayesanso, koma thupi linali litaphunzira mantha. Chala chisanakoke, maso atseka kale, phewa lathawa kale. A Derek anandiuza mosabisa kuti sangandilole kuloza nyama yamoyo ndikuwombera chotero, chifukwa ndikangoivulaza n'kukafera kutali ndi ululu. Anati mfutiyi yandikulira.

Ndinakwera sitima kupita ku Edmonton ndi bandeji kumaso. Naphiri anatsegula chitseko, anandiyang'ana, unamwino unawagwira asanakumbukire kuti akwiya. Anandikhazika pansi, anamasula bandeji, n'kunena kuti amene wamanga izi ndi wopha nyama, osati wochiza anthu. Akutsuka balalo anandifunsa kuti, “Ndiye mwapha chiyani, a mlenje?” Ndinati sindinaphe kanthu. Anati, “Ndiye kuti yazizira yokha, poti ine sindinaikhudze.”

Amayi anu ndiwo anatipulumutsa, muziwalemekeza ngakhale amakulandani mafoni. Anali atawerenga malamulo onse. Anati, “Adadi, amami, lamulo silikuti mkazi asagwire kiyi. Likuti wopanda laisensi asagwire. Amami akakhala ndi laisensi yawo, mfuti yomweyo n'kulembedwa pa onse awiri, kiyi akhoza kubwerera pachitenje.” Ine ndinaseka, bala n'kundipweteka. Naphiri ndi mfuti? Munthu amene amatseka maso pozinga nkhuku? Iwo sanaseke. Anangoti, “Tadala, bweretsa fomuyo.”

Tsiku limene tinabwerera kusitolo ija kukasankhanso, ndinaona mmene munthu wanzeru amagulira mfuti. Munawaonapo agogo anu akugula mpunga kumsika? Ndi momwemo. Sanafunse kuti yaikulu ndi iti. Anafunsa kuti nyama zake n'zazikulu bwanji, ndipo tiziziwombera patali bwanji. Ananyamula mfuti zinayi, imodziimodzi, kuika paphewa, kutseka maso, kutsegula, kuona ngati diso lagwera lokha pagalasi. Ina anati yalemera, sangayende nayo m'matope. Ina anati thako lake latalika, mkono sukufika bwino. Anasankha 243 yomwe ndinainyoza ija, n'kuuza wa ndevu uja kuti aifupikitse thako pang'ono. Pa zipolopolo mkuluyo anafotokoza kuti za nyama zimakhala za nsonga yofutukuka zikalowa m'thupi, kuti nyama ife msanga osazunzika, komanso kuti mfuti iliyonse ili ndi zipolopolo zimene imagwirizana nazo, ngakhale nambala ikhale imodzi. Naphiri anati, “Ndiye laisensi ikabwera mudzatipatse mitundu itatu, pang'onopang'ono, tikalawe kaye.” Wa ndevu uja anandiyang'ana n'kunena kuti ndikanabwera nawo poyamba pomwe, nsidze ikanakhala yonse.

Mapepala atatha kuyenda, 308 yanga inabwerera kusitolo, 243 inalowa m'kabati, Naphiri analowa m'nyumba, maloko anachoka pashuga. Kumalo ophunzirira kuja anagona pansi ndi chitenje pamwamba pa buluku, anapuma mpweya ngati akufuna kubaya jakisoni mwana wolira, n'kukoka. Mtundu woyamba wa zipolopolo unamwazika. Wachiwiri unamwazika pang'ono. Wachitatu, zipolopolo zitatu zinalowa malo amodzi oti ungaphimbe ndi chivindikiro cha botolo. A Derek anavula chipewa. Ine ndinati mwina mphepo inawathandiza.

Zaka zisanu ndi chimodzi tinayenda m'mafamu a ku Essex, m'mamawa, kuzizira kolowa m'mafupa. Nyama ya gwape imene munkadya pa Khirisimasi, imene ndinkakuuzani kuti agogo aamuna abwera nayo, kubwera nayo ndinkabwera nayodi. Ndinkasenza. Ntchito yomwe ndinkagwira ku Ntchisi, yosenzera bambo nyama, inanditsatira mpaka ku Ulaya. Ine ndinapha awiri okha pazaka zonsezo, ndipo mmodzi a Derek amati ankaoneka kuti watopa kale ndi moyo. Kutchalitchi amayi a chigwirizano ankati, “A Banda, mkono wanu ndi wodala,” Naphiri ali pambali phee, osandiulula. Koma mukanawaona kutchire! Munthu amene anatha moyo wake m'makonde a chipatala, akuthamangira mabelu a odwala, ankakhala tsonga pansi pa mtengo maola awiri osagwedezeka, nkhope ili mbee. Tsiku lina pobwerera anandiuza kuti chibadwire sanakhalepo ndi chinthu chakechake chimene amachikonda chotero. Mfutiyo ankaipukuta okha, ndipo siinazizirepo.

Ndiye kunabwera kunjenjemera kwa manjaku, uku mukukuonaku, kumene kumandithirira tiyi pamalaya. Dokotala ataona anati zisakanikirane ndi mfuti ayi. Sindinatsutse, ndinabweza laisensi yanga. Wapolisi anabweranso, mayi yemwe uja, tsitsi litayamba imvi. Anakhala pampando womwewo, mandasi omwewo. Anati a Naphiri laisensi yawo ili bwino, apitirize kusaka mmene angafunire, koma tsopano bambo ndiwo alibe laisensi. Makiyi achoke pachitenje, abisidwe pamalo poti bambo asadziwe.

Ine ndinaseka, ndinati, “Mayi a Tadala, mwawina. Bisani. Nsapato ya ukwati ija ikadali pamwamba pa wadiropu, ndikubwerekani.” Ndinkanena zoona, sindikanadandaula. Ndinali nditawachita zomwezo, ndipo iwo anali ndi chifukwa chabwino kuposa changa. Sanaseke. Anaperekeza mlendo n'kubwerera m'nyumba.

Lachisanu la mlungu womwewo anavala chitenje chawo chatsopano, anaitana a Derek ndi galimoto, ananyamula mfuti m'chikwama chake ndi zipolopolo zonse zotsala. Ndinafunsa kuti akupita kukasaka masana ano? Anati akupita kusitolo. Ndinaimirira pakhomo, ndinawatsekera njira. Ndinati, “Mayi, musatero. Chinthu chimenechi mumachikonda. Ine sindidzafunsa za kiyi, ndikulumbira.” Maso awo anali ofiira. Anati, “Ndikudziwa kuti simudzafunsa. Koma ine ndidzadziwa kuti ndakubisirani. Tapatukani, bambo a Tadala, a Derek akudikira.”

Ine pamene anandipatsa kusankha, ndinatenga kiyi n'kuika m'thumba, mkazi wanga n'kukwera sitima. Iwo anapatsidwa kusankha komweko, sanathe ngakhale mlungu. Anabwera madzulo manja ali lendee, anatsegula kabati, anaipukuta, anaikamo thumba la ufa. Makiyi onse awiri anandipatsa m'manja onjenjemerawa, koyamba chikwatiranireni kundipatsa kiyi wosabweza, n'kunena kuti, “Sungani ndinu. Mukataya, palibe kanthu.” Ndinalira, ana inu, ndisakunamizeni kawiri tsiku limodzi.

Ndinatayadi, mwezi usanathe. Ndiye Limbani, ukatseka chitsekocho n'kudzikhoma chokha, ufa wa agogo ako udzatsalira m'katimo, ndipo ukawafotokozera wekha, m'Chichewa. Imvani, ngwerengwere uyo pakhomo, abwera. Za nsidzezi simunamve kanthu, ine ndinagwa pokwera basi.